Kudzidalira kwa Wotchova Juga: Zomwe Mtima Umasintha ndi Zomwe Sungasinthe

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.]

WOULUTSA:

Pakati pa anthu otchova juga, kaya ndi obetcha mpira pa foni, osewera makhadi kapena olowa m'nyumba za kasino, pali chikhulupiriro chozika mizu chakuti mmene mtima wa munthu ulili pa nthawi yobetcha ndi mmenenso zotsatira zimakhalira. Iwo amati wobetcha monjenjemera ndalama zimamuthawa, pamene wolimba mtima ndi wosakayika mwayi umamutsata, ndipo wina akadyedwa anzake amamuuza kuti anasewera mutu usali m'malo. Pulogalamu ya lero ikuunika chikhulupiriro chimenechi potsata zomwe akatswiri a kaganizidwe ka munthu ndi a masamu akhala akupeza kuyambira zaka za m'ma 1960. Zomwe apezazo zikuloza kumodzi: mtima wa wobetcha sufika pa gudumu, pa khadi kapena pa bwalo la mpira, koma umafika m'thumba mwake, popeza ndi umene umasankha kuchuluka kwa ndalama zoika, kutalika kwa nthawi yosewera, ndiponso ngati munthuyo adzatha kuimirira n'kuchokapo.

Nkhaniyi singamveke bwino popanda kusiyanitsa masewero a luso ndi masewero a mwayi. Mkulu amene wasewera bawo kwa zaka zambiri amawerenga nkhomo za m'maenje ndi maso okha, amadziwiratu pomwe dzanja lake likathere, ndipo akamadzidalira amakhala akudalira chinthu chenicheni chomwe anachiphunzira, kotero kuti mantha kapena mkwiyo zikhoza kumusokonezadi. Juga ya roulette ndi yosiyana kotheratu. Gudumu lake, monga limapezekera ku Ulaya, lili ndi timabowo 37 ta manambala oyambira pa 0 kufika pa 36, ndipo 18 ndi tofiira, 18 ndi takuda, pamene kamodzi, ka nambala 0, ndi kobiriwira. Wobetcha pa mtundu wofiira akapambana amawonjezeredwa ndalama yofanana ndi yomwe anaika, ngati kuti mwayi wake unali theka ndi theka, chonsecho timabowo tomupambanitsa ndi 18 pamene tomugonjetsa ndi 19. Kabowo kamodzi kosiyanitsako ndiko phindu la mwini juga, lomwe ndi pafupifupi K27 pa K1,000 iliyonse yobetchedwa, ndipo phinduli limadulidwa mofanana kwa wodekha ndi kwa wonjenjemera.

Munthu wodziwika amene anakhulupirira ndi mtima wonse kuti kudekha kungagonjetse masamu amenewa ndi mlembi wa ku Russia, Fyodor Dostoevsky. M'chaka cha 1863 iye anapambana ndalama zambiri pa roulette mumzinda wa Wiesbaden ku Germany, ndipo analembera mlamu wake kalata yonena kuti wadziwa chinsinsi cha masewerowo, chomwe ndi kudzigwira nthawi zonse ndi kusatenthedwa mutu zivute zitani. Pasanapite nthawi anakadyedwa koopsa ku Baden-Baden, koma chikhulupirirocho sichinagwedezeke. M'chaka cha 1866 analemba buku lake lonena za wotchova juga m'masabata osakwana anayi, pothamangira tsiku lomwe anapangana ndi wosindikiza mabuku amene anamupatsa ndalama ali m'ngongole, ndipo m'chaka cha 1867, atabwerera ku Baden-Baden ndi mkazi wake Anna, anafika popinyolitsa ndolo ndi zovala za mkaziyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri akadyedwa sankakayikira masewerowo, koma ankadzidzudzula yekha kuti anatenthedwa mutu, ndipo ankabwererako ndi lonjezo lakuti ulendo uno adekha. Apa ndi pamene pagona kuopsa kwa chiphunzitso chakuti mtima ndiwo umapambanitsa, chifukwa munthu akadya amati kunali kudekha kwake, akadyedwa amati sanadekhe mokwanira, ndipo motero palibe chotsatira chilichonse chimene chingamuonetse kuti chiphunzitsocho ndi chabodza. Dostoevsky anasiya juga m'chaka cha 1871, patatha zaka 8 chilembereni kalata ija.

Akatswiri anayamba kuyeza khalidwe limeneli mwadongosolo patapita zaka pafupifupi 100. M'chaka cha 1967, James Henslin, katswiri wa chikhalidwe cha anthu ku America, anafalitsa zomwe anaona pakati pa madalaivala a matakisi a ku St. Louis omwe ankatchova juga ya madayisi, timabokosi ta mbali 6 tolembedwa madontho. Wofuna nambala yaing'ono ankaponya mofatsa, wofuna nambala yaikulu ankaponya mwamphamvu, ndipo ambiri ankayamba aika maganizo onse pa nambala yomwe akuifuna asanatambasule dzanja. M'chaka cha 1975, Ellen Langer anaonetsa kuti khalidweli si la otchova juga okha ayi. Iye anagulitsa matiketi a lotale a dola imodzi kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi, ena n'kuwalola kusankha okha tiketi, ena n'kungowapatsa iliyonse, ndipo atapemphedwa kuti agulitsenso matiketiwo, osankha okha aja ankafuna madola 8.67 pa avereji, pamene ongopatsidwa ankafuna madola 1.96, ngakhale kuti matiketi onse anali ndi mwayi wofanana. Pa kuyesa kwina, anthu ankatola khadi popikisana ndi munthu wina, wotola khadi lalikulu n'kupambana, ndipo ankaika ndalama zambiri mnzawoyo akaoneka wamanyazi ndi wosadzidalira kusiyana ndi akaoneka wovala bwino ndi wolimba mtima, ngati kuti manyazi a munthu angasinthe khadi lomwe lili kale pamulu. Langer anafotokoza kuti uku ndi kudzinamiza kuti munthu akulamulira chinthu chomwe sangachilamulire, ndipo kumabwera masewero a mwayi akavala zizindikiro za masewero a luso, monga kusankha, kupikisana, kuzolowera ndi kugwira wekha ndi dzanja.

Zizindikiro zimenezi zimaoneka poyera m'masewero a pa foni otchedwa Aviator, omwe m'Malawi muno ambiri amawatcha kandege. Kandege kofiira kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalama imayamba kukwera kuchokera pa 1.00, ndipo wobetcha amakhala chala chili pamwamba pa batani, mpweya atagwira, akudzifunsa ngati adine tsopano kapena adikire pang'ono, podziwa kuti kandegeko kakathawa asanadine ndalama yonse yapita. Zonse zimaoneka ngati mpikisano wa kulimba mtima, koma nambala yomwe kandegeko kathawire imakhala itatsimikizika kale ndi kompyuta kasananyamuke, ndipo opanga masewerowa amanena okha kuti amabweza kwa osewera K97 pa K100 iliyonse. Izi zikutanthauza kuti kandege kamafika pa nambala 2 maulendo pafupifupi 48 pa 100, ndipo kamafika pa nambala 10 maulendo osakwana 10 pa 100. Wamantha wodina msanga ndi wolimba mtima wodikira nambala yaikulu onse amataya gawo lofanana pakapita nthawi, kusiyana kwake n'kwakuti wina amataya pang'onopang'ono pamene wina amataya modukizadukiza ndi zipambano zapatalipatali. Ndipo popeza ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, amene wabetcha K1,000 maulendo 100 madzulo amodzi amakhala wadutsitsa K100,000 pa masewerowo, ndipo zoyembekezeka kutaya ndi K3,000, ngakhale iye akuganiza kuti amangoseweretsa K1,000.

[Nyimbo yapakati, masekondi ochepa.]

WOULUTSA:

Funso lofunika tsopano ndi lakuti kudzidalira kumeneku kumachokera kuti, popeza sikuchokera ku zotsatira. Yankho lomwe kafukufuku akupereka ndi lakuti mbali yaikulu kumapangidwa ndi masewerowo. M'chaka cha 2009, Luke Clark ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge anaunika ubongo wa anthu omwe ankasewera makina a juga, ndipo anapeza kuti kuphonya pang'ono, monga chizindikiro chopambanitsa chikaima pafupi penipeni ndi mzere, kumadzutsa mbali zomwezo za ubongo zimene zimadzuka munthu akapambana. Osewerawo ankanena kuti kuphonya koteroko n'kowawa, komabe kunkawapatsa chilakolako chopitiriza, makamaka pamene chizindikirocho anachisankha okha. Pa ntchito ya luso, kuphonya pang'ono ndi umboni wakuti munthu akuyandikira, ndipo ubongo umachita bwino kumulimbikitsa, koma pa makina a juga kuphonya pang'ono ndi kuluza ngati kuluza kwina kulikonse. Kafukufuku wa Wolfram Schultz ndi anzake pa anyani, wofalitsidwa m'chaka cha 2003, anaonjezerapo mfundo ina, yakuti timaselo ta mu ubongo totulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe okhudzana ndi chilakolako ndi chiyembekezo, timachangamuka kwambiri pa nthawi yodikira ngati mphotho ili yosadziwika, theka ndi theka, kuposa pamene ili yotsimikizika.

Obetcha mpira amakumana ndi kuphonya kotereku sabata iliyonse, pamene tiketi ya masewero 10 yalondola pa 9, ndipo mwini wake akudandaula kuti timu imodzi yokha ndiyo yamuphera tiketi. Thomas Gilovich, m'chaka cha 1983, anamvetsera mmene obetcha mpira wa ku America ankafotokozera zotsatira zawo, ndipo anapeza kuti zipambano ankazilandira popanda mafunso ngati umboni wa nzeru zawo, pamene zogonja ankazikambirana nthawi yaitali mpaka kuzisandutsa zipambano zomwe zinangoonongedwa ndi ngozi, monga mpira kupulumuka m'manja mwa wosewera pa nthawi yolakwika. Motero munthu amatha kuluza miyezi yambiri kudzidalira kwake kukukulirakulira. Masamu a tiketi yotere ndi ouma. Ngakhale munthu atasankha masewero 10 omwe alionse mwa iwo ali ndi mwayi wa 70 pa 100 wolondola, mwayi wakuti onse 10 alondole ndi pafupifupi 3 pa 100, ndipo kulondola pa 8 kapena 9 kumachitika kawirikawiri kuposa pamenepo. Komanso ngati kampani imadula K5 pa K100 iliyonse pa sewero limodzi, kudulako kumachulukana masewero akalumikizidwa, kotero kuti pa tiketi ya masewero 10 kumafika pafupifupi K40 pa K100.

Wina anganene kuti wodziwa mpira ali ndi chifukwa chomveka chodzidalira. Akatswiri a ku Switzerland, motsogozedwa ndi Yasser Khazaal, anayesa zimenezi pa mpikisano wa Euro 2008 popempha odziwa mpira mozama, okonda mpira wamba ndi anthu osautsatira kuti alosere zigoli za masewero oyambirira, ndipo odziwa mpirawo sanapose enawo. Izi sizikutanthauza kuti chidziwitso cha mpira n'chachabe, koma kuti zomwe wobetcha akudziwa, zakuti wosewera uje wavulala kapena timu ija siipambana koyenda, kampani inazidziwa kale ndipo inaziika mu odds, nambala yosonyeza mmene ndalama ichulukitsidwire.

Mtima umanyenganso poyembekeza kuti mwayi uli ndi chikumbumtima. Pa 18 Ogasiti 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 otsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri pobetcha wofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana, osadziwa kuti gudumu silikumbukira kumene linaima. Chochititsa chidwi kwambiri ndi zomwe Juemin Xu ndi Nigel Harvey a ku University College London anafalitsa m'chaka cha 2014, ataunika mabetcha oposa 500,000 a anthu 776 obetcha masewero pa intaneti. Iwo anapeza kuti opambana motsatizana ankapitirizadi kupambana, koma chifukwa chake sichinali kudzidalira, chinali mantha, popeza poopa kuti mwayi wawo watsala pang'ono kutha ankasankha mabetcha osavuta opereka ndalama zochepa. Ogonja motsatizana, pokhulupirira kuti tsoka lawo lili pafupi kutembenuka, ankasankha mabetcha ovuta kwambiri ndipo ankapitiriza kugonja. M'kafukufuku ameneyu, wokayika ndi amene ankadziteteza, ndipo wotsimikiza mtima ndi amene ankadzikankhira kuphompho, ngakhale kuti pomaliza opambana motsatizana aja sanapeze phindu loposa enawo.

Mphamvu yeniyeni ya mtima imaonekera munthu akadyedwa. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa m'chaka cha 1979 kuti kutaya ndalama kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza ndalama yofananayo kumasangalatsira, ndipo kuyeza komwe anachita pambuyo pake kunasonyeza kuti ululuwo ndi pafupifupi kawiri. Anaonetsanso kuti munthu amene wataya kale amalolera kuika ndalama zina pachiswe kuti apewe kuvomereza kutayako. Richard Thaler ndi Eric Johnson, m'chaka cha 1990, anaonjezera kuti wopambana amaseweretsa zomwe wapambana mosasamala ngati si zake, pamene wogonja amakopeka kwambiri ndi betcha iliyonse yomulonjeza kubweza zonse nthawi imodzi. Uku ndiko kuthamangitsa zotayika, komwe madokotala amakuwerengera ngati chimodzi mwa zizindikiro zazikulu za vuto la juga, ndipo ndi kumene kumasandutsa K5,000 yotayika madzulo kukhala ndalama ya lendi, fizi ya mwana ndi ngongole ya katapila pofika m'mawa. Munthu ali mu mkhalidwe umenewu saoneka wofooka kwa iye mwini, amadziona wotsimikiza mtima kuposa kale, ndipo ichi ndicho chimapweteketsa mabanja ambiri, chifukwa kuuma mtima kwa wothedwa nzeru kumafanana kwambiri ndi kulimba mtima.

Thupi nalo limalowererapo. Mowa umachepetsa kudziletsa, ndipo kafukufuku wa akatswiri a yunivesite ya Duke wa m'chaka cha 2011 anasonyeza kuti anthu osagona usiku umodzi amayamba kuyang'ana kwambiri zomwe angapeze n'kumapeputsa zomwe angataye. Umboni wina wamphamvu ukuchokera kwa odwala matenda a Parkinson, omwe ena mwa iwo, atapatsidwa mankhwala ogwira ntchito ngati dopamine, anayamba kutchova juga mosaletseka ngakhale sanachitepo moyo wawo wonse, ndipo ambiri anasiya jugayo mankhwalawo atachepetsedwa.

[Nyimbo yapakati, masekondi ochepa.]

WOULUTSA:

Chilungamo chikufuna kuti kunenedwenso kuti pali masewero ochepa omwe luso limagwiradi ntchito, ndipo m'menemo mkhalidwe wa maganizo uli ndi gawo. Pa poker, sewero la makhadi lomwe osewera amapikisana okhaokha osati ndi kasino, Steven Levitt ndi Thomas Miles anaunika mpikisano wa World Series of Poker wa m'chaka cha 2010 ku Las Vegas, ndipo anapeza kuti osewera omwe ankadziwika kale kuti ndi aluso anapeza phindu loposa 30 pa 100 pa ndalama zawo, pamene enawo anataya pafupifupi 15 pa 100. Osewera poker amaopa kwambiri mkhalidwe womwe amautcha tilt, pamene munthu wapsa mtima chifukwa chodyedwa ali ndi makhadi abwino, n'kuyamba kusewera mothamanga ndi mobwezera. Kudekha pamenepa kumathandizadi, koma ntchito yake ndi kuteteza luso lomwe lilipo kale, osati kulenga luso pomwe palibe.

Komanso kudzidalira kwa akatswiri oterewa ndi kwa mtundu wina, popeza sikunena kuti lero apambana, koma kudziwa kukula kwenikweni kwa mwayi wawo ndi kuvomereza kuti adzagonja masiku ambiri. Edward Thorp, katswiri wa masamu amene m'chaka cha 1962 anafalitsa njira yowerengera makhadi pa sewero la blackjack, anapambana kasino chifukwa cha kuwerenga, osati chifukwa cha kulimba mtima, ndipo mwayi woposa wa kasino womwe njirayo imapereka ndi wochepa, pafupifupi 1 pa 100. Posankha kuchuluka kwa ndalama zoika, iye ankatsata lamulo la masamu lomwe John Kelly anafalitsa m'chaka cha 1956, lonena kuti munthu aziika kagawo ka chuma chake kolingana ndi kukula kwa mwayi womwe ali nawo kuposa mnzake. Lamulo lomwelo likagwiritsidwa ntchito pa roulette, pa lotale kapena pa kandege, pomwe mwayi woposa uli kwa mwini juga, yankho lomwe limatuluka ndi 0.

Bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linavomereza vuto la juga ngati matenda m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 2013 linaliika m'gulu limodzi ndi uchidakwa ndi kudalira mankhwala ozunguza bongo. Chithandizo chimodzi chomwe chaonetsa zipatso chinachokera kwa Robert Ladouceur ndi anzake a ku yunivesite ya Laval ku Canada, omwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapempha anthu kuti azilankhula mokweza zonse zomwe akuganiza posewera, ndipo anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 ya zomwe ankanena zokhudza masewerowo zinali zolakwika, monga zakuti makinawa atsala pang'ono kulipira. Chithandizo chawocho sichiphunzitsa wodwala kudzidalira kapena kusewera modekha, koma chimamuthandiza kugwira maganizo olakwikawo limodzi ndi limodzi, n'kumvetsa kuti kuponya kulikonse kumaima pakokha.

Maiko ena afika pozindikira kuti malire odalira mtima wa wosewera amagwa pa nthawi yomwe akufunika kwambiri, ndipo aika malirewo kunja kwa munthu. Ku Britain, mu Epulo 2019, ndalama yaikulu yololedwa pa kubetcha kumodzi pa makina a m'mashopu obetchera inatsitsidwa kuchoka pa mapaundi 100 kufika pa mapaundi 2, mu Epulo 2020 kubetcha ndi makhadi a ngongole kunaletsedwa, ndipo pali ndondomeko ya GAMSTOP yomwe munthu amadzilembetsa kamodzi kuti makampani onse ovomerezeka a pa intaneti amukanize kubetcha. M'Malawi muno, komwe juga ikuyang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority pansi pa lamulo la m'chaka cha 2022, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, vuto lalikulu ndi lakuti foni yomwe munthu amabetcherapo ndi yomweyo yosungiramo ndalama, kotero kuti pakati pa kudyedwa ndi kuikanso ndalama ina palibe ulendo woyenda kapena munthu wokumana naye. Mawu olangiza kubetcha mosamala omwe amamveka kumapeto kwa malonda a juga ndi osakwanira, chifukwa amasenzetsa udindo wonse maganizo omwe masewerowo awasokoneza kale. Achibale a munthu wovutika ndi juga angamuthandize koposa pogwirizana naye, pa nthawi yomwe mutu wake uli m'malo, kuti malipiro ake azifikira kwa munthu wodalirika, kuti akaunti zobetchera zitsekedwe, ndiponso kuti akaonane ndi ogwira ntchito za umoyo wa maganizo kuchipatala, makamaka ngati ngongole zayamba kumupatsa maganizo odzichotsera moyo.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu.]